Kugula Khutu pa Mataifa

Ndinapita ku Mataifa Lachiwiri, mvula ikuwaza,
ija ya kuno ku Mzuzu yosawerenga kalendala.
Ndalama za penshoni zinali m'sokosi,
kobiri la abambo pakhosi, pa ulusi,
lija lobowoka pakati, la njovu ziwiri zoimirira.

Vitumbiko Luhanga, wobwera ku Joni chaka chatha,
anayala makina atatu pa katoni ya firiji.
"Adada, awa amamva chitsulo chili pansi pa nthaka.
Sankhanipo khutu."

Loyamba linali lachikasu, lopepuka ngati bango,
mtengo wake matumba awiri a feteleza.
Nditangoliyatsa linayamba kulalata:
msomali! chitsekerero cha botolo! waya!
ngakhale zipi ya buluku langa linaineneza.
Zaka makumi atatu ndinagwira ku positi
ndi munthu wina wa pakamwa potero.
Ndinalibweza pa katoni.

Lachiwiri lakuda, lonyezimira, la kagalasi kolemba manambala.
Ati limasiyanitsa siliva ndi chitini,
ati ungalimize mu Lunyangwa silifa.
Koma limadya magetsi, ndipo kwathu ku Chiputula
magetsi amabwera ngati mkamwini wangongole,
usiku, mwakachetechete, n'kulawirira.
Mtengo wake Vitumbiko anachita kundinong'oneza.

Lachitatu sanalitame n'komwe.
Chogwirira chomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga,
dzina la mwini wake wakale lofufutika ndi thukuta,
mabatire anayi, a pa okala iliyonse.

Ndinati tisakangane, tifunse nthaka.
Kuseri kwa mabenchi a kaunjika ndinabwereka chikwanje,
ndinakumba mpaka dzanja kulowa lonse,
n'kuvula kobiri la abambo, n'kulikwirira.
Dothi lathu lofiirali lili ndi dzimbiri lakelake,
likanyowa limanamiza makina.

Anyamata a kabaza anaimika njinga.
"Madala akusaka rupiya ya Jeremani!"
"Ayi, ndi golide, mawa tiwaona pa galimoto!"
Ndinawasiya aseke.

Lachikasu linakuwa paliponse, pa kobiri ndi popanda kobiri.
Lakuda linalemba nambala, kuifufuta, kulemba ina,
kenaka linagamula kuti pansipo pali zinyalala.
Abambo anga, zinyalala!
Lakale lija linadutsa kamodzi, zii.
Kachiwiri, ndikuliyendetsa pang'onopang'ono
monga mmene umasesera pabwalo pali maliro,
linang'ung'udza motsitsa, kamodzi kokha,
ngati munthu woitana dzina lako m'tchalitchi.

Vitumbiko anakhumudwa, phindu linali pa lakuda.
Anandiwonjezerabe mahedifoni a khutu limodzi.

Sindinamuuze chifukwa chake.
Abambo, a Yotamu Chavula, ankatola mtedza wa tangi
mzinda uno usanamere nyumba.
Malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, matiki ndi mashereni,
anawakwirira m'chitini cha majarini
pansi pa mtengo wopindika, kumtunda kwa mtsinje.
Anadwala, anapita kumudzi, atabwerako mtengo anadula.
Mpaka tsiku lomaliza ankaloza ndi chibwano:
"Chapamenepo, cha ku Katoto uko."
Chapamenepo lero pali mipanda ya njerwa ndi agalu.

NyaMhone anandilandira pakhomo, manja m'chiuno.
"Malata akudontha, inu mwagula ndodo yolira?"
Ndinati inde.

Loweruka ndinalawira nkhungu isanachoke,
ndinapempha malo kwa mlonda wa puloti yosamanga.
Pofika masana m'thumba munali izi:
supuni yopanda mutu, kiyi wa loko yosadziwika,
mano atatu a khasu,
ndi wani tambala, tambala wake akuonekabe lipombo,
ndalama yoti ngakhale mwana sangawerame kuitola.

Ndinaitsuka ndi mandimu pa mpopi.
NyaMhone anaitembenuza kawiri, naiika pa windo,
pafupi ndi beseni lolandira madontho.
Madzulo ndinamupeza pakhonde wavala hedifoni ija,
akusesa kapinga ndi khutu langa,
akuti ndolo yake inatayika chapamenepo
chaka chimene tinabatiza Lusungu.